Khoti la Miyala Lomwe Linatenga Bambo Anu

Tadala, bwera nayo kuno foniyo ndionenso chithunzicho. Usandikulitsire ndi zala, maso anga sanafe. Ndakuona. Mnzako wavala wigi ya woweruza, iwe waima m'kabokosi ka woimbidwa mlandu, unyolo wa pulasitiki m'manja, mano onse pamtunda. Aphunzitsi anu sanalakwe kukutengerani kumeneko, nyumba zakale n'zofunika kuziona. Koma kabokosi kamene waimamo ukusekako ine ndimakadziwa. Bambo ako anaima momwemo, ine ndi agogo ako aakazi titakhala pa benchi kumbuyo kwake.

Yankho, chotsa za m'makutuzo ukhale pansi apa. Inu ana inu mukangomva nkhalamba yakonza kukhosi mumayamba kuyang'ana kuchitseko. Lero simuthawa. Mumadziwa kuti bambo anu ali kumudzi, koma chomwe chinawachotsa kuno mumangochimva m'zidutswa, ndipo amayi anu anandipempha kalekale kuti wodzakuuzani ndidzakhale ine. Ndiyankhula pang'onopang'ono. Pomwe simunamve mundiimitse, koma musandiyankhe m'Chingerezi chanu cha kuno ku Maryhill mu Glasgow chija, chothamanga ngati mukutafuna mtedza wotentha, chimandipweteketsa mutu.

Ndiyambira kutali, mupirire. Agogo anu aakazi, aNambewe, ndinawapeza pa khoti. Musaseke, sanali pa mlandu. Pa boma pomwe ndinayambira ntchito ya pa positi ofesi panali khoti la njerwa zofiira, la malata okhuthala akalekale, lokhala ndi khonde lozungulira nyumba yonse. Linali tsidya la msewu, moyang'anana ndi zenera langa. Boma lathu linali laling'ono, sitolo zochepa, chipatala ndi polisi, ndiye tsiku la milandu ndi lomwe linkadzutsa tauni. Mesenjala wovala khaki ankamenya chitsulo cha njanji chopachika pa mtengo, kulira kwake kunkamveka mpaka kumsika. Anthu ankachokera kumidzi wapansi, ena pa njinga za kapalasa, ena pa lole ya matola, atamanga chinangwa chophika m'kansalu. Inu basi ikachedwa pang'ono mumati moyo wavuta. M'kati mwa khoti munkalira makina a taipi tsiku lonse, ndipo panja, pansi pa mtengo wa mbawa, panali mtsikana wogulitsa zitumbuwa ndi thobwa. Chaka chimenecho ndinadya zitumbuwa zambiri kuposa zomwe mimba yanga inkafuna.

Atakhala pansi pa mtengowo, agogo anu anaona zomwe ife a m'maofesi sitinkaziona bwino. Mlandu weniweni unkathera panja. Mwana akavulaza mwana wa eni, makolo ake sankadikira majisitireti. Ankagwira nkhuku n'kupita kwa ovulazidwawo, kugwada pakhomo, kunena kuti talakwa. Sikunali kugula mlandu ayi, nkhukuyo inali yoti wodwala amwe msuzi. Eni nyumba akakutsekerani chitseko simunkachoka, chifukwa wochoka msanga ndiye kuti sanabwere ndi mtima wonse. Munkakhalabe chogwada mpaka mkwiyo wawo utsike. Tsiku la khoti likafika mabanja awiriwo ankakhala pa mkeka umodzi, ndipo ngakhale majisitireti apereke chilango, anthu ankabwerera kwawo akulankhulana. Banja losapita kukapepesa anthu ankaliloza chala mpaka kwa zidzukulu. Agogo anu anakula akuona zimenezi sabata ndi sabata, zinawalowa m'magazi.

Za ukwati wathu ndi za momwe ndinabwerera kuno ndidzakuuzani tsiku lina. Mwachidule, ndinabwera ndi maloto a sukulu, ndinathera pa chiwongolero cha basi, ndipo sindidandaula, basi inatidyetsa. Agogo anu ananditsatira ndi bambo anu ali mnyamata wa ku sekondale. Kwa inu ndi bambo, kwa ine ndi Dalitso, ndiye mundilole ndizimutchula choncho. Agogo anu anapeza ntchito yotsuka mapoto kukhitchini ya hotela, komwe munthu safunika kuyankhula kwambiri, ndipo Chingerezi chawo chinakwanira pogula ndiwo ndi popereka moni, sichinapitirire pamenepo. Dalitso yekha ndi amene analowerera msanga. Anakwatira amayi anu, anapeza ntchito kumalo osungirako katundu m'katauni komwe munapita ndi sukuluko. Chilolezo chokhala kuno anali nacho, chosatha, koma za unzika ankangoti mawa, mawa. Tonsefe tinkayesa kuti ziwirizi n'chimodzimodzi.

Iwe Yankho unali ku nazale, iwe Tadala unali wa kumsana. Lachisanu lina ataweruka, Dalitso anaima pa mzere wogula tchipisi, ndipo mnyamata wina wa m'tauniyo anamukankha n'kumunenera mawu a khungu lake. Sindimuikira kumbuyo. Anamumenya chibakera chimodzi, mnyamata uja anagwera pa simenti n'kuthyoka nsagwada. Dalitso sanathawe. Ambulansi anaitana yekha, apolisi anamupeza ataima pomwepo.

Umo ndi momwe tinadziwira khoti la miyala lija. Ukakhala m'sitima kuchokera ku Glasgow, chomwe umayamba kuona ndi nsanja yake ya wotchi, nyumba zisanaoneke. Miyala yake inada ndi utsi wa mafakitale a nsalu omwe anatsekedwa kale ife tisanabwere. Tsidya la msewu kunali kanyumba ka tiyi, ndipo mayi wogulitsa kumeneko, ataona kuti ndife alendo, anatifotokozera za khotilo ngati akunena za wachibale. Anati wotchiyo ndi imene inkadzutsa ogwira ntchito m'mafakitale. Anati agogo ake aamuna anaimapo m'menemo chifukwa chogwira nsomba mu mtsinje wa mwini malo, ndipo anthu a ku migodi ya malasha ankaimamo akanyanyala ntchito. Maukwati ankalembetsa m'chipinda chapansi, iyenso wake analembetsa momwemo. M'tauni yonseyo, anatero, palibe banja lomwe silinakwerepo masitepe amenewo, kaya ndi maluwa kaya ndi unyolo. Ankanena monyadira, ndipo ine ndinamumvetsa, chifukwa nafenso khoti la pa boma tinkalinena choncho.

Koma m'kati simunali ngati kwathu. Kunalibe khonde, kunalibe mtengo. Anthu ankakhala pa mabenchi m'kolido yozizira, aliyense maso pansi, osapatsana moni. Pa benchi ya patsogolo pathu panakhala mayi wa mnyamata wovulala uja, kamayi kakang'ono ka imvi, katagwira chikwama ndi manja onse awiri. Agogo anu anamuyang'ana m'mawa wonse. Pobwerera m'sitima sananene za woweruza kapena za loya. Anangoti, “Mayi uja sakudya, ndamuona khosi.”

Tsiku limenelo Dalitso anapatsidwa belo. Loya wathu anatiimitsa m'kolido n'kutiuza kuti zinthu sizinaipe kwambiri. Mlandu unali woyamba, wavomera yekha, ali ndi ntchito ndi ana aang'ono, ndiye mwina adzangogwira ntchito za m'dera osalowa m'ndende. Chinthu chimodzi chokha, anatero, Dalitso asayandikire mnyamata uja, asamuyankhule m'njira ina iliyonse mpaka mlandu uthe. Ine ndinamva kuti lamulolo ndi la Dalitso, kuopa kuti angakayambanenso. Agogo anu nditawamasulira anamva chimodzimodzi. Sitinadziwe kuti lamulolo limamanganso miyendo ya amayi ake.

Patapita masiku tinamva kuti mnyamata uja watuluka m'chipatala, nsagwada atazimanga ndi mawaya. Tikumwa tiyi m'khitchini momwemu, agogo anu anaika kapu pansi.

“Abambo a Dalitso, mwana wa eni akumwa phala ndi kapaipi, ife tili phee ngati sitinamve. Tinaleredwa choncho ife?”

“Tidikire kaye, aNambewe,” ndinatero. “Tipita.”

“Tipita liti? Mwana atachira? Ndiye tikakanene chiyani?”

Musandiyese wanzeru chifukwa ndinati tidikire. Sindinkadziwa lamulo lililonse, ndinali chabe ndi mashifiti sabata yonse. Akadandipeza tsiku lopuma ndikadavala jekete langa la ku tchalitchi n'kupita nawo, bakuli ndikadanyamula ndine.

Anapita ndi Mayi Chirwa a ku Easterhouse, mnzawo wa ku tchalitchi, amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba m'katauni komweko ndipo ankadziwa pomwe banjalo linkakhala. Dalitso sanamuuze, amayi anu sanawauze. Anagula nkhuku yolimba ija ya ku sitolo ya zakudya za kwathu, osati zofewa zanu zosamveka kukomazi, anaiphika m'mawa wonse mpaka nyama inasiyana ndi mafupa, msuzi wambiri, poti munthuyo sakanatha kutafuna. Anaika m'bakuli n'kukulunga ndi chitenje chatsopano. Onse awiri anavala bwino, maduku kumutu, anakwera sitima.

Banjalo linkakhala m'nyumba zosanjikizana, ngati zathu zino. Anakwera masitepe, anagogoda, anati odi, n'kugwada pa simenti. Mayi uja anatsekula pang'ono, tcheni cha pachitseko osachotsa. Agogo anu anawomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, “Ndine mayi wa Dalitso. Talakwa. Tabwera kudzapepesa, ndipo aka ndi kamsuzi ka wodwala.” Mayi Chirwa anamasulira. Mayi uja atangomva dzina la Dalitso anatseka chitseko.

Apa ndi pomwe zinaipira, ana inu. Akadadzuka n'kubwerera, mwina zikadathera pomwepo. Koma kwa agogo anu chitseko chotsekedwa chinali chiyambi chabe. Anauza Mayi Chirwa kuti, “Ali ndi ufulu wokwiya, tiyeni tidikire.” Anakhalabe chogwada. Pakapita kanthawi ankawombanso m'manja pang'ono, kuti a m'nyumba adziwe kuti sanachoke. Anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira. Maondo anachita dzanzi pa simenti yozizira ija, koma sanadzuke. Pa masitepe patamveka mapazi, agogo anu anayesa kuti akubwera achibale a banjalo kudzamva nkhani, monga zimakhalira kwathu, ndipo anakonza duku. Anali apolisi.

Mayi uja sindimuda, ndipo inunso musamude. Taganizani, mwana wake ali m'chipinda kukamwa kuli mawaya, ndipo a kwawo kwa amene anamumenya adziwa pomwe amakhala, ali pakhomo, sakuchoka, anyamula chinthu chokulunga. Iye sanakulire pansi pa mtengo wa mbawa. Anaona zoopsa, anaimba foni.

Apolisi anati kumeneko n'kuopseza mboni, ndipo nkhukuyo anaitcha chiphuphu. Agogo anu ndi Mayi Chirwa apolisiwo anawafunsa mafunso masana onse n'kuwamasula, koma anati mlandu ungathe kuwatsata. Dalitso anakamutenga kuntchito. Atamva kuti amayi ake akhoza kuimbidwa mlandu, anauza apolisi kuti anawatuma ndi iye, ndi iye anawauza nyumba, iwo sanadziwe kanthu. Belo inathera pomwepo, anamuika pa rimandi.

Ndinapita kukamuona. Tinakhala moyang'anana pa katebulo komata pansi.

“Dalitso, unawatuma iwe?”

“Adadi, mukufuna amayi akaime m'kabokosi kaja?”

“Koma ndi bodza, mwana wanga. Uli ndi ana.”

“Ndi bodza langa, lisiyeni. Amayi m'chitokosi sangathe ngakhale tsiku limodzi.”

Agogo anu anapita okha kwa loya kukanena kuti ndi iwo, mwana sanadziwe. Loya anamvetsera, anayesa kumunyengerera Dalitso kuti asinthe mawu, koma Dalitso anakana kwamtuwagalu. Makani amenewo anatengera kwa amayi ake, ndipo iwe Yankho ndikakuona ukukana kuvala jekete kunja kukugwa mvula ndimadziwa komwe anachokera.

Tsiku la chigamulo kunali mdima wa masana wa miyezi yozizira ija, magetsi a m'khoti atayaka. Woimira boma anafotokoza za amayi awiri amene anakana kuchoka pakhomo pa mboni. Mawu aliwonse amene ananena anali oona, ndipo palibe ngakhale amodzi amene anali agogo anu. Loya wathu anaimirira n'kufotokoza mwambo wa kwathu, anayesetsa ndithu. Woweruza anamvetsera mofatsa, sanali munthu wankhanza. Anati akhoza kukhulupirira kuti amayiwo sanapite ndi mtima woipa, koma woimbidwa mlandu anauzidwa momveka, ndipo wavomera yekha kuti anatuma anthu. Anaphatikiza milandu iwiriyo n'kupereka chilango chopitirira chaka. Ndinaona mapewa a loya akugwa, koma sindinamvetse chifukwa chake. Ine mumtima ndinkati chaka n'chaka, chidzatha.

Tadala, pachithunzi chakocho, pafupi ndi mapazi ako, pali kachitseko kapansi. Sindikudziwa ngati anakuonetsani. Pansi pake pali masitepe otsikira ku zitokosi. Munthu akaweruzidwa satuluka pakhomo pomwe analowera, amangotsika, mutu wake n'kumachepa mpaka osaoneka. Dalitso potsika anayang'ana amayi ake n'kugwedeza mutu pang'ono, ngati akuwauza kuti musadandaule. Agogo anu anaimirira. M'kolido ndi momwe loya anatiuza kuti chilango chikapitirira chaka, munthu amene si nzika amabwezedwa kwawo akamaliza.

Amayi anu anamenya nkhondo, musadzaiwale zimenezo. Anayenda m'maofesi iwe Tadala uli kumsana, anachita apilo, a ku tchalitchi analemba maumboni, abwana ake a Dalitso nawonso. Zonse zinakanika. Kuchoka kundende anamupititsa kumalo osungirako anthu odikira ndege, kuchoka kumeneko anamukweza ndege. M'nyumba mwake sanalowenso, nsapato zake za kuntchito zinakhala pakhomo chaka chonse amayi anu asanalimbe mtima kuzichotsa.

Agogo anu anasintha. Anali munthu woyambitsa nyimbo ku tchalitchi, anasiya. Ankakhala pa mpando uwo wa pa zenera n'kumayang'ana ngalande ya madzi ija, tiyi n'kuzizira m'manja. Ena a ku tchalitchi ankawalimbikitsa, ena ankanong'ona kuti munthu wakhala kuno zaka zonsezi osadziwa malamulo, ndipo onong'onawo ndikuwadziwa, ena mwa iwo amandipatsabe moni wa mano okhaokha. Ndiye tsiku lina anandiuza kuti akupita.

“Mwana uja anachoka kumudzi ali wamng'ono, sadziwa ngakhale pogula makala. Ndinamuponya ndine kumeneko. Inu khalani ndi zidzukulu, mayi wawo sangathe yekha ndi ntchito ya kuchipatala. Ine ndikakhale ndi iye.”

“Nanga ine, aNambewe?”

“Inu ndinu wamkulu, mupirira.”

Ndinawachonderera, ndinawakalipira, ndinawauza kuti sanalakwe kanthu, anachita zomwe mayi aliyense wa kwathu akadachita. Sanasinthe maganizo. Tinagawana ana ngati anthu osudzulana, chikhalirecho tinkakondana. Pa bwalo la ndege anakunyamula iwe Tadala mpaka pa chipata pomwe operekeza amalekezera, ndipo ndinachita kukuchotsa m'manja mwawo. Kuyambira pamenepo ndine amene ndinkakuperekezani kusukulu ndi kukuphikirani phala lomwe munkati ndi la mibulu. Ndinali wokwiya kwambiri zaka zimenezo, ndipo mpaka lero mkwiyowo ndilibe woupatsa.

Khotilo nalonso silinakhalitse. Patapita zaka zochepa milandu yonse anaisamutsira ku Glasgow, maloya anatseka maofesi awo n'kutsatira. Ndinadutsako kamodzi pa sitima, ndinatsika osadziwa chifukwa chake. Kanyumba ka tiyi kanali katakhomedwa matabwa, wotchi inali itaima, nkhunda zili mbwee pa masitepe. Tauni yonse inkaoneka ngati munthu wochotsedwa mano. Tsopano mwati akonza, aikamo zithunzi za anthu a ku migodi ndi za ogwira nsomba, ana a sukulu akuvala mawigi. Zili bwino, nyumba isagwe. Nkhani ya mayi amene anagwada pa masitepe ndi bakuli la nkhuku simungaipeze pa khoma lililonse m'menemo, n'chifukwa chake ndakukhazikani pansi.

Agogo anu anakhala ndi Dalitso mpaka pomwe anamwalira, nyengo ya mvula, inu mukukumbuka ndinapita kumaliro n'kubwerako ndili wowonda. Titaika maliro, anthu atabalalika, ndinakhala ndi Dalitso pa khonde la kanyumba kake. Anali atayamba imvi. Ndinamufunsa ngati amayi ake anapezako mtendere zaka zomalizazo. Anandiuza za tsiku lomwe amayi akewo anafika kuchokera kuno, zomwe sanandiuzepo pa foni.

“Galimoto itawasiya, adadi, sanalowe m'nyumba. Katundu anamusiya pa msewu. Anabwera n'kugwada pakhomo apa, pomwe mwaika mapazipo, n'kuwomba m'manja. Ndinati amayi dzukani, anthu akuona, mayi sagwadira mwana. Anakana. Ndinayesa kuwanyamula, anakana. Anati sadzuka mpaka ndinene kuti ndawakhululukira. Ine ndinalibe choti ndiwakhululukire, adadi. Koma dzuwa linali litaswa mtengo, ndipo anali atayenda ulendo wautali, ndiye ndinanena.”

Nkhani yake ndi imeneyo, ana inu. Yankho, pita ukayatse ketulo, ine mawu andithera.